Amisiri a Malinga a M'chigwa cha Chilwa

Nkhadze ndi mtengo umene anthu ambiri amangoudutsa osaucheukira. Subala chipatso chodyedwa, nkhuni zake sizikoma pamoto, ndipo mwana aliyense wokulira kumudzi anachenjezedwapo kuti akathyola nthambi yake asagwire m'maso. Pa msewu wochoka ku Zomba kutsikira ku Kachulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, mumauona apa ndi apo, pena wazungulira khola, pena waima m'malire a munda kapena pamanda akale. Zaka zoposa 160 zapitazo mtengo womwewu unali khoma la nkhondo. Anthu amene ankaudzala anali amisiri enieni, odziwa chimene akuchita, ndipo luso lawo silinathere pa nkhadze pokha. Ankadziwa kumanga ndi mtsinje, ndi thope, ndi njedza, ndi phiri.

David Livingstone ndi John Kirk anafika m'mbali mwa nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, atadutsa m'midzi ya Amang'anja yolima mapira ndi thonje, yosula makasu ndi kuomba nsalu. M'buku limene Livingstone anatulutsa ndi m'bale wake Charles mu 1865 anafotokoza kuti midzi yambiri ya kuno inali yozingidwa ndi mpanda wochindikala wa mtengo wa mtundu wa nkhadze, ndipo anayesa kumvetsa chifukwa chake. Anaona kuti mpandawo umachita mdima, kotero munthu wa uta ali kunja sangathe kuona bwino amene akufuna kumulasa. Anaonanso kuti pansi pake sipamera udzu, ndipo nthambi zake zimatchinga mbaliwali za moto.

Nkhani ya motoyi ndi imene imandigwira mtima kwambiri. Chida chotsika mtengo kuposa zonse cha mdani wa nthawi imeneyo chinali moto. M'mwezi wa Okutobala, udzu utauma gwa, munthu mmodzi wokhala ndi chikuni akanatha kuyatsa tchire kumene kukuchokera mphepo n'kungodikira kuti madenga ndi nkhokwe zigwire, anthu atuluke okha balalabalala. Mpanda wa mitengo youma pamenepo umasanduka nkhuni zothandiza mdaniyo. Nkhadze njaiwisi chaka chonse, nthambi zake zili zodzaza ndi madzi, ndipo imadzilambulira yokha kanjira kopanda udzu m'tsinde mwake. Moto wa tchire ukafika pamenepo umasowa chodya. Munthu amene anayamba kuona zimenezi n'kunena kuti tiyeni tizinge mudzi wonse ndi mtengo uwu anali ndi diso la mmisiri.

Kadzalidwe kake kali ndi malamulo amene alimi akuwadziwabe mpaka lero. Wodziwa sadula nthambi n'kuizika tsiku lomwelo. Amaisiya kaye ifote, bala lake liume, ndipo amaizika nthaka isananyowe kwambiri, chifukwa nkhadze yozikidwa m'thope imaola isanagwire. Amazika mothithikana kuti nthambi zikamakula zilowane, ndipo akamadulira kumutu imachindikala m'munsi, momwe munthu kapena fisi angafune kukwawira. Chiswe, chimene chimagwetsa nsichi youma pa zaka zochepa, sichilowa mosavuta pa mtengo wamoyo. Mpanda wouma umayamba kufooka tsiku limene wamangidwa, pamene wa nkhadze umanka nulimba chaka ndi chaka. Nanga wobwera ndi nkhwangwa kudzauboola? Akatema, utomoni woyera uja umamudumphira kumaso, ndipo munthu amene maso ake akuyaka saponyanso nthungo.

Pamene pankafunika mpanda wa msanga, amisiri ankakumba ngalande n'kuimika nsichi zogundana, kupingasa nsungwi, n'kumanga ndi luzi lonyika m'madzi, limene likamauma limakoka mfundo kuti ithine. Mwa nsichizo ankasakanizamo mitengo yophuka ikazikidwa, monga mlombwa ndi kachere, kuti zouma zikamadzaola zamoyo zikhale zitagwira kale. Chipata chinkakhala chopapatiza, cholowa munthu mmodzimmodzi, ndipo madzulo ankachitseka ndi zipika. Kuseri kwa zonsezi kunali mauta ndi mivi yopakidwa kombe. Kombe ameneyu ndi yemwe Kirk anamuzindikira kuti amagwira mtima, ndipo patapita zaka madokotala a ku Edinburgh anapangamo mankhwala a matenda a mtima.

Linga lotere linapangidwira nkhondo ya mauta, ya kubwera usiku n'kubwerera m'mawa. Cha m'ma 1850 ndi 1860 nkhondo inasintha nkhope. Magulu a Ayao anayamba kulowa m'dera lino, iwonso atathamangitsidwa kwawo ndi nkhondo ndi njala, ndipo pambuyo pawo panali msika wosakhuta wa akapolo ndi minyanga wa ku Quelimane, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, kuphatikizapo amalonda a ku Tete. Msikawo unabweretsa mfuti za gogodera ndi wonga. Mdani tsopano sankangofuna mbuzi ndi mapira. Ankafuna anthu, ndipo anali wokonzeka kudikira panja pa mpanda mpaka ludzu litawatulutsa. Mayi wopita kudambo ndi mtsuko ndiye anali woyamba kugwidwa. Funso la mmisiri linakhala lakuti, madzi tiwalowetsa bwanji m'kati mwa linga?

Yankho limodzi lili ku Magomero, kumalire a Chiradzulu ndi Zomba, pa mtsinje wa Namadzi umene madzi ake amathera m'Chilwa momwemu. Mudzi wa mfumu Chigunda unali pamalo pamene mtsinjewo umakhota mpaka kutsala pang'ono kuzungulira, n'kusiya kamtunda kozingidwa ndi madzi mbali zitatu, magombe ake ozama ndi okhala ndi mitengo ikuluikulu. Taganizani ntchito imene malo otere amapulumutsa. Ngalande imene anthu akanaikumba ndi makasu miyezi yambiri, mtsinje unakumba kale, ndipo mvula iliyonse umaikonzanso wokha. Potunga madzi pali kuseri kwa nyumba. Alonda sayang'ana mbali zinayi koma imodzi. Chotsala n'kutseka khosi la kamtundako basi. Luso lalikulu pamenepa linali losankha malo, kuyenda m'mbali mwa mtsinje ndi maso otseguka mpaka kupeza pamene nthaka yagwira kale gawo lalikulu la ntchito.

Mu Julayi 1861 amishoni a UMCA, motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, anakwera kuchokera ku Shire pamodzi ndi Livingstone. Pa 16 Julayi, pamudzi wa Mbame, anamasula akapolo 84 amene amalonda ankapita nawo ku Tete. Chigunda anaitana amishoniwo kuti adzakhale kwake, ndipo iwo ataona malowo anavomera, natseka khosi lija ndi mpanda wa mitengo. Koma m'kati munalowa anthu oposa 100 omasulidwa m'magoli, kuwonjezera pa eni mudzi ndi alendowo. Malo amene akanasunga bwino mabanja ochepa anadzaza, ndipo poti anali m'chigwa, mvula itayamba zonyansa zonse zinatsikira kumene anthu ankatunga. Kamwazi anagwira akulu ndi ana. Amishoniwo anatenganso mfuti n'kukatentha misasa ya Ayao mu Ogasiti ndi mu Okutobala chaka chomwecho, zimene zinasandutsa pothawira kukhala poyambira nkhondo. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 kumene Ruo amathira mu Shire. Mnzake Henry Burrup anabwerera ku Magomero ali wodwala, namwalira mu Febuluwale, ndipo manda ake ali komweko. Chaka chomwecho otsalawo anasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa. Landeg White analemba mbiri yonse ya Magomero m'buku lake la 1987.

Ena amawerenga nkhani imeneyi n'kunena kuti malowo anali oipa. Ine ndimati malowo anasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake. Linga lililonse lili ndi chiwerengero cha anthu amene lingawasunge ndi moyo, ndipo chiwerengerocho chimayezedwa ndi madzi akumwa ndi kotayira zonyansa, osati kutalika kwa mpanda.

Tsopano tifike kwathu kuno ku Kachulu, kumene kuli linga lalikulu kuposa onse, lopanda nsichi ngakhale imodzi. Ukaima padoko n'kuyang'ana kunyanja umaona mapiri a chilumba cha Chisi atatuluka m'madzi. M'zaka za mavuto zija Anyanja ambiri anathawira kumeneko, ndipo amene amati anangothawa mwamantha sanaiganizire bwino nyanjayi. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Ndi wosaya, malo ambiri sapitirira mamita 2 kapena 3, ndipo pansi pake ndi thope lofewa. Kwa munthu wobwera ndi nkhondo, kusaya kumeneku ndi msampha. Madziwo ndi ochuluka moti sungawoloke ndi miyendo, ndipo m'mphepete, momwe ungati uyende, thope limakugwira mpaka m'ntchafu. Chishango cha chikopa chikanyowa chimalemera n'kufewa. Wonga ukanyowa, mfuti yasanduka ndodo. Njira imodzi yokha ndi bwato, ndipo eni nyanja akakokera mabwato onse kutsidya, mdani amatsala pagombe akungoyang'ana utsi wa kuchilumba. Kusema bwato latsopano kumafuna mtengo waukulu, nsompho ndi masabata angapo, zinthu zimene gulu lodzafunkha silikhala nazo.

Ndiye pali njedza. Mlendo amaziona ngati tchire wamba la m'madzi, koma msodzi amaonamo misewu. Njedza zimatalika kuposa munthu woimirira m'bwato, ndipo kumpoto kwa nyanja zimatambalala makilomita ambiri. M'kati mwake muli tinjira topapatiza timene asodzi amatsegula ndi kusamala, tina tokatulukira kunyanja yoyera, tina tokathera pa miono, tina tongozungulira. Ukalowamo suona phiri, suona gombe, umangoona thambo pamwamba ndi mapesi obiriwira uku ndi uku. Amene anakulira momwemo amadziwa pokhota poona m'mene njedza zagonera, mtundu wa madzi, ndi kulemera kwa nsungwi yokankhira ikagunda pansi. Taonani mnyamata wa ku Kachulu akutulutsa bwato lodzaza matumba a matemba m'kanjira kotere. Amaima kumbuyo, amaponya nsungwi pafupi ndi bwato, amatsamira ndi thupi lonse, ndiyeno amaizula ndi kakupotoza pang'ono kuti thope liileke, apo ayi ikanatsala m'thopemo iye n'kugwera m'madzi. Zonsezi amachita akucheza. Nzeru imeneyi siiphunziridwa pa tsiku limodzi, ndipo ndi imene inali chipata ndi mpiringidzo wa linga la Chisi.

Pothawira pamafunikanso chakudya, apo ayi njala imagwira ntchito imene mdani walephera. Apa chilumbachi chinali ndi mwayi umene mapanga ndi nsonga za mapiri analibe. Chili ndi nthaka yolima, ndipo mapiri ake amapatsa mlonda maso oona bwato likadali kutali. Nyanja imapereka matemba, makumba ndi milamba, madambo amapereka mbalame, ndipo dothi la m'mbali mwa Chilwa linkatulutsa mchere umene anthu ankasinthanitsa ndi mapira ndi makasu. Amene ali ndi nsomba zouma ndi mchere ali ndi chogulira ufa ngakhale munda wake utatenthedwa.

Ndikaona zimbowera za asodzi a masiku ano, ndimaona luso la mtundu womwewo likadali moyo. Amapinda ndi kusanjikiza njedza mpaka zitapanga nsanja yoyandama, pamwamba pake n'kuimika kanyumba, n'kuika dothi pokolezera moto kuti pansi pasapse. Pamenepo munthu amagona, amaphika, amawamba nsomba masabata ambiri osaponda mtunda. Anthu odziwa kukhala pamadzi chonchi sakanatha kuzingidwa ndi gulu la pamtunda. Mu 1884, Angoni a Chikusi atawoloka Shire n'kusesa dera lonse la mapiri mpaka ku Blantyre ndi ku Zomba, Ayao nawonso anathawira m'mapiri, ndipo zinaoneka poyera kuti m'dziko muno wopulumuka anali wodziwa malo, kaya ndi wa mtundu wanji. Lero pa doko la Kachulu Mnyanja, Myao ndi Mlomwe amakokera khoka limodzi.

Linga la madzi lili ndi chilema chake, ndipo aliyense wa kuno akuchidziwa. Chilwa amaphwa. Anaphwa mu 1968 ndi mu 1995, anaphweranso kwambiri mu 2018. Pa zaka zotere mabwato amagona pa dothi long'aluka ndipo ulendo wa ku Chisi umasanduka wa miyendo. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo n'zoona, nyanja imabwerera, koma anthu odalira madzi ngati khoma ankayenera kuwerenga mvula ya chaka chilichonse ndi mtima uli m'mwamba, kuyang'ana m'mene Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe akuthirira.

Kumpoto kwa Kachulu kumaoneka phiri la Chikala, kumene kunali mfumu Kawinga. Kawinga ankagulitsa anthu, ndipo zimenezo sindingaziyamikire. Koma amene anamusankhira malo ankadziwa ntchito yake. Kuchokera pamwamba pa Chikala maso amafika pa chigwa chonse cha Chilwa ndi njira zolowera ku Shire, ndipo wokwera amakwera movutika, akuonedwa. Kumapeto kwa 1891 asilikali a Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, anapita kukamenyana naye, koma Kawinga anakhalabe paphiri pake zaka zina zitatu. Anagwa mu Febuluwale 1895, ndipo kagwedwe kake n'kophunzitsa. Anthu ake anatsika kukathira nkhondo kwa Malemia, pafupi ndi mishoni ya Domasi, nagonja kumeneko. Pambuyo pake m'pamene Chikala analandidwa, mwini wake n'kuthawira chakum'mawa, mbali ya Apwitikizi. Phirilo linamusunga nthawi yonse imene anakhala pamwamba pake.

Chimodzimodzi mfumu Jalasi pa phiri la Mangochi. Mu Febuluwale 1892 anabweza asilikali a boma la atsamunda n'kuwalanda mzinga, ndipo anagonja mu Okutobala 1895. Angerezi atapambana sanakafune malo ena. Anamanga Fort Mangochi paphiri pomwepo, makoma ochindikala a miyala amene aimabe mpaka lero, ndipo malowo anadzakhala ndende kuyambira 1907 mpaka 1910, kenaka pophunzitsira asilikali a KAR pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kum'mwera, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, mapiri amene amaoneka kuchokera ku Kachulu kukacha bwino, anamanga Fort Lister mu 1893 kuti atseke njira ya akapolo yopita kunyanja ya mchere. Mapu a malinga a atsamunda akutsata mapu amene eni dziko anajambula kale ndi mapazi awo.

Malinga a miyalawa ali m'kaundula wa zipilala za dziko lino, ndipo n'koyenera kutero. Mu 2011 Malawi anapereka ku UNESCO mndandanda wa malo oyembekezera kulowa m'gulu la chuma cha dziko lonse, ndipo m'menemo muli njira za akapolo, kuphatikizapo Fort Lister ndi Fort Mangochi, komanso dambo la Chilwa. Nyanjayi ili pansi pa pangano la Ramsar kuyambira 1997, ndipo UNESCO inailandira mu 2006 ngati malo osamalira zachilengedwe pamodzi ndi anthu okhalamo. Koma mbiri imene imatchuka ya Chilwa ndi ya mbalame ndi nsomba, ndipo mbiri imene imatchuka ya nkhondo ndi ya miyala. Amisiri a nkhadze, a m'khoto la mtsinje ndi a m'njedza anamanga ndi zinthu zoola, zophuka ndi zoyenda, motero ntchito yawo siioneka kwa munthu wofuna khoma loti ajambulepo chithunzi. Komatu ndi imene inasunga anthu ambiri, amayi ndi ana amene zidzukulu zawo ndi ife.

Zotsala zake zili m'kamwa mwa agogo a ku Chisi ndi m'midzi ya kwa Mkumbira ndi kwa Mwambo: mayina a madoko akale, malo amene alonda ankakhala, kumene kunkabisidwa mabwato, mizere ya mitengo imene imasonyeza pamene panali mudzi. Yunivesite ya Malawi ili pa Zomba pomwepa, ulendo wosakwana tsiku. Ndikupempha aphunzitsi a mbiri yakale kumeneko ndi a m'sukulu za m'mbali mwa nyanja kuti atume ophunzira awo kwa agogowa ndi kope ndi foni yojambulira mawu, mafumu atsogolere, ndipo a nthambi ya boma yosunga zinthu zakale aike chikwangwani pa doko la Kachulu ndi pa khoto la Namadzi, cholembedwa m'Chichewa, chonena zimene zinachitika pamalopo. Ntchito imeneyi iyambe chilimwe chino, agogowo akadalipo.